Makilatchi awiri kapena oyilo: kusiyana kwa magiyabokosi a galimoto zothamanga

Munthu akakhala ku Johannesburg kwa miyezi yochepa chabe, khutu lake limazolowera phokoso lina lomwe limamveka pamaloboti pamene Golf GTI kapena Polo GTI yanyamuka mwaliwiro n'kusintha giya. Injini imalira mokwera, kenaka kumbuyo kumamveka kakuphulika kakafupi, ndipo eni dziko lino analipatsa phokosoli dzina loti vrr-pha, dzina lomwe linafika poimira galimoto yeniyeniyo. Phokosoli limabadwa pa mgwirizano wa injini ndi giyabokosi ya makilatchi awiri, yomwe a Volkswagen amaitcha DSG. Pa nthawi yosintha giya kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini kwa kamphindi pochedwetsa kapena kudula moto wa mapulagi, ndipo mafuta omwe sanapse bwino amakamalizikira mu ekizozi.

Pakati pa ife Amalawi amene timagwira ntchito m'magalaja a ku Booysens, Selby ndi Wynberg, kapena amene timayendetsa galimoto za mabwana a ku Sandton, giyabokosi imeneyi imautsa mtsutso wosatha. Ena amati palibe inzake pa liwiro, pamene ena amati ndi dzenje lotayiramo ndalama. Onsewa akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi yokha. Chosokoneza choyamba n'chakuti mawu akuti otomatiki amaphimba makina anayi osiyana kwambiri, omwe amafanana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti woyendetsa alibe chopondera chachitatu kumwendo wamanzere.

Ntchito ya giyabokosi iliyonse ndi iwiri. Yoyamba ndi kusintha mlingo wa kazunguliridwe pakati pa injini ndi matayala, monga momwe wakabaza amasunthira tcheni akafika pachitunda. Yachiwiri, yomwe anthu ambiri saiganizira, ndi kulumikiza injini yomwe ikuzungulira ndi matayala omwe aima. Injini ya petulo singathe kuzungulira pang'onopang'ono mpaka kufika pa ziro osazima, choncho payenera kukhala chinthu china pakati chomwe chimaterereka kufikira galimoto itayamba kuyenda. Kuterereka kulikonse kumabala kutentha, ndipo funso lakuti kutenthako kukupita kuti ndilo likulekanitsa magiyabokosi onse amene ndikambe pano.

M'galimoto yosintha giya ndi dzanja, woyendetsa amaponda kilatchi, mphamvu ya injini imaduka, giya imalowa, kenaka mphamvu imabwerera. Njira yoyamba yofulumizitsa zimenezi m'galimoto zothamanga inali kusiya giyabokosi yomweyo ndi kilatchi yake imodzi, n'kuika makina a oyilo ndi kompyuta kuti azipondera munthu. Ferrari F355 F1 ya 1997 inatchukitsa njirayi, a BMW anaitsatira ndi SMG mu M3 ya E46 ndi M5 ya E60, ndipo a Lamborghini anaikakamira mu Aventador ya 2011, ponena kuti imasintha giya m'mamilisekondi 50. Nambala imeneyi ndi yochititsa chidwi, komabe mpata wopanda mphamvu umakhalapo ndithu, ndipo poyenda pang'onopang'ono m'tauni mitu ya okwera imagwedezeka ngati pali wophunzira pachiwongolero. Lero opanga galimoto zothamanga ambiri anaisiya, moti ngakhale Revuelto, yomwe inalowa m'malo mwa Aventador mu 2023, ili ndi makilatchi awiri.

Kuti timvetse giyabokosi ya makilatchi awiri, tikumbukire amayi awiri akusinja chimanga mumtondo umodzi. Musi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo mtondo sukhala wopanda ntchito ngakhale kamphindi. M'bokosi limodzi muli magiyabokosi awiri, iliyonse ndi shafiti yake ndi kilatchi yake, ndipo kawirikawiri shafiti imodzi ndi yobooka pakati kuti inzakeyo izizungulira m'kati mwake. Mbali imodzi imanyamula magiya 1, 3, 5 ndi 7, mbali inayo imanyamula 2, 4 ndi 6. Galimoto ikamathamanga pa giya 3, giya 4 imakhala italowa kale kumbali yomwe kilatchi yake ili yotsegula, ikungodikira. Nthawi ikakwana kilatchi ina imamasula pamene inzake ikugwira, ndipo mphamvu imasamuka popanda kuduka kwenikweni. Wolamulira zonsezi ndi chipangizo chotchedwa mechatronic, chomwe chimaphatikiza kompyuta, mavavu ndi tinjira ta oyilo, ndipo dzina limeneli ndi lomwe eni galimoto amaopa kulimva kwa makaniko.

Pali kufooka kumodzi komwe kumachokera m'mapangidwe omwewa. Kompyuta iyenera kulosera giya yomwe ifunike kutsogolo. Ikaona kuti mwendo uli pa mafuta imakonzeratu giya yokwera, ikaona buleki imakonzeratu yotsika. Koma woyendetsa amene akuyandikira loboti yofiira pa Jan Smuts Avenue akuchepetsa liwiro, loboti n'kusintha mwadzidzidzi iye n'kuponda mafuta, amaisokoneza kompyutayo, ndipo pamakhala kachizengerezo kenaka kugunda. Amene amati DSG imaganiza kaye isananyamuke amakhala akunena za nthawi ngati imeneyi.

Ganizoli ndi lakale kuposa momwe ambiri amaganizira. Injiniya wa ku France, Adolphe Kégresse, analilingalira m'zaka za m'ma 1930, koma pa nthawiyo kunalibe zipangizo zamagetsi zotha kulamulira makilatchi awiri molondola. A Porsche analiukitsa m'zaka za m'ma 1980 m'galimoto zampikisano za 956 ndi 962 ndi dzina loti PDK, ndipo a Audi analiyesa mu Sport quattro S1 mu 1985. Kwa anthu wamba linafika mu 2003 ndi Golf R32, yomwe giyabokosi yake ya magiya 6, yotchedwa DQ250, inapangidwa mothandizana ndi kampani ya BorgWarner. Zitatero zinthu zinathamanga. Bugatti Veyron ya 2005 inali nayo, Nissan GT-R ya 2007 inali nayo, ndipo mu 2008 inalowa mu Porsche 911, mu BMW M3 ya E92 ndi mu Ferrari California. Pofika cha m'ma 2012 zinkaoneka ngati otomatiki yakale yatha ntchito m'galimoto zothamanga.

Apa m'pofunika kuima, chifukwa mbiri yoipa yomwe giyabokosiyi ili nayo m'magalaja athu inachokera kwambiri ku mtundu umodzi. Makilatchi alipo onyowa ndi ouma. Onyowa amakhala tizitsulo tambiri tafulati tosanjikizana tomira mu oyilo, ndipo oyiloyo amanyamula kutentha kupita nako ku choziziritsira. Ouma amafanana ndi kilatchi wamba, ndipo amadalira mpweya ndi kulemera kwa chitsulo chawo kuti azizire. Ouma ndi opepuka, ndi otsika mtengo ndipo amapulumutsa mafuta pang'ono, n'chifukwa chake a Volkswagen anaika DSG youma yotchedwa DQ200 ya magiya 7, yomwe malire a mphamvu yopotokola imene ingapirire ndi pafupifupi 250 Nm, m'galimoto zing'onozing'ono zambirimbiri. Mu 2013 kampaniyi inaitanitsa galimoto pafupifupi 1.6 miliyoni za giyabokosi imeneyi kuti isinthe mtundu wa oyilo yemwe ankayambitsa vuto la magetsi m'kati. A Ford nawo anakumana ndi madandaulo ambiri pa PowerShift youma ya mu Fiesta ndi Focus, mpaka mu 2018 khoti la ku Australia linawalipiritsa madola 10 miliyoni a dzikolo chifukwa cha momwe anasamalira madandaulowo. Galimoto zamphamvu zenizeni, monga Golf R, Audi RS3, GT-R ndi 911, zimagwiritsa ntchito makilatchi onyowa, ndipo si chilungamo kuzisenzetsa milandu ya abale awo ouma.

Ngakhale zili choncho, kilatchi ndi kilatchi. Yonyowa kapena youma, ikamanyamula galimoto kuchokera poima iyenera kukhulana, ndipo apa ndi pamene mzinda wathuwu ukulowera m'nkhani. Amene amadutsa msewu wa N1 pakati pa Johannesburg ndi Pretoria m'mamawa, kapena pamphambano ya Gillooly's madzulo, amadziwa kuti galimoto imatha theka la ola ikuyenda mamita asanu n'kuima, asanu ena n'kuima. Maloboti akazima chifukwa cha magetsi, mzere umakhala womwewo m'misewu ya m'kati. Woyendetsa amene anazolowera otomatiki yakale amangomasula buleki pang'ono kuti galimoto izikwawa, osadziwa kuti m'giyabokosi ya makilatchi awiri kukwawa kotereku kukufanana ndi kuyenda mwendo uli theka pa kilatchi. Pachitunda, monga cha Munro Drive ku Houghton kapena misewu yokwera ku Northcliff, kugwira galimoto ndi mafuta m'malo mwa buleki kumawotcha makilatchi msanga kwambiri. Njira yabwino ndi kuima kwathunthu, kulola mpata kutseguka kutsogolo, kenaka kunyamuka motsimikiza kuti kilatchi igwire yonse. Ndimadziwa kuti mpata wotero mateksi amaulowa nthawi yomweyo, komabe mtengo wa makilatchi ndi woposa masekondi otayikawo.

Tsopano tione mnzake, otomatiki ya torque converter, yomwe ambiri anaiika m'manda isanafe. Pakati pa injini ndi magiya pali chibokosi chozungulira chodzaza oyilo. M'kati mwake muli gudumu la mapiko lomangidwa ku injini, lomwe limaponya oyilo pa gudumu lina lomangidwa ku giyabokosi, ndipo pakati pawo pali gudumu lachitatu lomwe limabweza oyiloyo m'njira yoti awonjezere mphamvu. Chifukwa cha gudumu lachitatuli, ponyamuka mphamvu yopotokola imatha kuchulukitsidwa pafupifupi kawiri. Chachikulu n'chakuti palibe zitsulo zokhulana pamene galimoto ikukwawa. Kuterereka konse kumachitika mu oyilo, ndipo kutentha kumapita ku choziziritsira. Galimoto yotere ingathe kukwawa pa msewu wa M1 wa mu Johannesburg tsiku lonse popanda chodyeka.

Mlandu wake wakale unali woona. Oyilo ankameza mphamvu, magiya anali atatu kapena anayi, ndipo ukaponda mafuta unkamva ngati pakati pa phazi ndi matayala pali mphira. Zinthu ziwiri zinasintha chithunzichi. Choyamba ndi kilatchi yotsekera yomwe ili m'kati mwa torque converter, yomwe m'magiyabokosi amakono imagwira galimoto ikangonyamuka, kotero kuti ulendo wonse wotsala injini ndi matayala zimakhala zomangana mwachindunji. Chachiwiri ndi kufulumira kwa makompyuta ndi mavavu. Chitsanzo chodziwika ndi ZF 8HP ya ku Germany, yomwe inayamba kuoneka mu BMW 7 Series cha m'ma 2009. Ili ndi magulu anayi a magiya ozungulirana ndi zogwirira zisanu, makilatchi atatu ndi mabuleki awiri, ndipo posintha giya chogwirira chimodzi chimamasula pamene china chikugwira. Wowerenga watcheru waona kale kuti uku ndi kusinja kwa misi iwiri komwe kuja, kungoti kukuchitika m'njira ina. Kuwonjezera apo, giyabokosiyi silosera giya yotsatira, ndipo imatha kudumpha magiya angapo nthawi imodzi woyendetsa akafuna kupitirira thiraki pa msewu waukulu wa N3.

Umboni wa kusinthaku uli m'zosankha za opanga galimoto eni ake. A BMW, omwe anagulitsa M3, M4 ndi M5 za makilatchi awiri kwa zaka zambiri, anaika giyabokosi ya ZF mu M5 ya F90 mu 2017, galimoto ya 750 Nm yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo anachitanso chimodzimodzi mu M3 ya G80. A Audi anachotsa S tronic, giyabokosi yawo ya makilatchi awiri, mu RS4 ndi RS5 pamene anasamukira ku injini ya V6 ya turbo. A Toyota, pofuna otomatiki ya GR Yaris mu 2024, anasankha torque converter ya magiya 8. A Mercedes-AMG anadutsa njira yapakati kuyambira mu SL63 ya 2008, posunga magiya ozungulirana koma kuika kilatchi yonyowa m'malo mwa torque converter, ndipo anaitcha MCT. Zifukwa zake n'zomveka. Injini za turbo zimatulutsa mphamvu yopotokola yochuluka zikuzungulira pang'ono, galimoto zalemera, ndipo ogula amafuna galimoto imodzi yoti ipite kuntchito Lolemba ndi ku bwalo la mpikisano wa galimoto la Kyalami Loweruka. Sikuti makilatchi awiri sangapirire mphamvu yotero, pakuti Veyron inkadutsitsa 1,250 Nm, koma kupanga giyabokosi yapadera yolimba chonchi n'kodula kuposa kugula yomwe ikupangidwa kale mochuluka.

Nanga n'chifukwa chiyani a Porsche, Ferrari ndi McLaren sanabwerere, ndipo a Chevrolet anasankha makilatchi awiri mu Corvette C8 ya 2020? Yankho lili pa malo a injini ndi liwiro la kazunguliridwe kake. Injini ikakhala pakati kapena kumbuyo, giyabokosi imayenera kukhala yaifupi ndi yophatikizana ndi difu, ndipo mapangidwe a mashafiti awiri amalowa bwino pamalo otere. Komanso injini ya 911 GT3 kapena ya Ferrari 458 Italia imafika 9,000 pa mphindi, liwiro lomwe chibokosi cholemera chodzaza oyilo sichikondwera nalo. Pamwamba pa izi pali kamvekedwe m'thupi. Woyendetsa akakoka kachitsulo ka kuseri kwa chiwongolero akulowa pakona, giyabokosi yabwino ya makilatchi awiri imayankha mwakuthwa komwe ngakhale ZF sinafikepo kwenikweni, makamaka potsitsa magiya injini ikulira pamwamba. Ine ndimaona kuti m'galimoto zoterezi mulibe mtsutso, makilatchi awiri ndiwo oyenera.

Pali chinthu china cha kuno chomwe magazini a ku Ulaya sachitchula. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yomwe ingakhale nayo ku Durban. Turbo imabweza zambiri mwa zotayikazo, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chomwe GTI inakondedwera kuno, koma imatenga kanthawi kotalikirapo kuti idzaze mpweya ponyamuka. Torque converter imathandiza apa mwachibadwa, chifukwa imalola injini kukwera msanga ikukankha oyilo. Giyabokosi ya makilatchi awiri imatseka mpata umenewu ndi launch control, pamene kompyuta imakweza injini galimoto itaima n'kumasula kilatchi moyeza. Zotsatira zake ndi zodabwitsa, ndipo ndi zomwe zimapambanitsa Golf R pamipikisano yamtunda waufupi ku Tarlton, koma kunyamuka kulikonse kotere kumalipiridwa ndi makilatchi, makamaka injini ikakhala kuti inawonjezeredwa mphamvu pakompyuta popanda kukhudza pulogalamu ya giyabokosi.

Za CVT sindichedwapo, ngakhale kuti kwathu timaidziwa bwino kudzera mu Honda Fit ndi Nissan Note zochokera ku Japan. Ilibe magiya owerengeka, ili ndi lamba wachitsulo kapena tcheni pakati pa mapule awiri osintha kukula. Pa pepala ndi yoyenera mpikisano, chifukwa imasunga injini pamalo ake amphamvu nthawi zonse, ndipo a Williams anaiyesa m'galimoto ya Formula One mu 1993 malamulo asanailetse. Pamsewu lamba amalephera kupirira mphamvu yaikulu, ndipo kulira kosasintha kwa injini kumachotsa chisangalalo. Subaru WRX ndi imodzi mwa galimoto zochepa zothamanga zomwe zimaigwiritsa ntchito. Ndi bwinonso kudziwa kuti galimoto zampikisano za gulu la GT3 zomwe zinkapikisana pa Kyalami 9 Hour, mpikisano womwe unabwerera mu 2019, zilibe giyabokosi ina iliyonse mwa izi, koma zili ndi ya magiya 6 olowa motsatizana ndi mano olumana mwankhanza, yomwe imaphwasulidwa ndi kukonzedwa pafupipafupi. Choncho mawu akuti giyabokosi ya mpikisano, omwe ogulitsa amakonda, tiziwamva mosamala.

Ambiri a ife sitigula galimoto zimenezi zili zatsopano. Timazipeza zitayenda makilomita 120,000 kapena kuposa, zitadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, ndipo apa mbiri ya kasamalidwe imaposa dzina la giyabokosi. DSG yonyowa ya magiya 6 imafuna oyilo ndi sefa zatsopano pa makilomita 60,000 aliwonse, chifukwa oyilo yemweyo amene amaziziritsa makilatchi ndi amene amadutsa m'mavavu a mechatronic, ndipo fumbi la makilatchi likachuluka mavavuwo amayamba kukakamira. Otomatiki ya torque converter imakhululuka kwambiri, komabe mawu akuti oyilo wake ndi wamuyaya sayenera kukhulupiriridwa ndi munthu amene akufuna kuisunga zaka zambiri, pakuti a ZF eni ake amalangiza kumusintha.

Ndipo pali funso lomwe Mmalawi aliyense wa ku Joni amakhala nalo mumtima, lakuti galimotoyi tsiku lina idzawoloka Beitbridge, kudutsa Harare ndi Tete, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ulendo wa makilomita oposa 1,500 umenewu pawokha si vuto kwa giyabokosi iliyonse, chifukwa pamsewu wautali makilatchi amakhala ogwira ndipo satentha. Vuto limayamba ikafika, pamene iyenera kukwawa pa giya yoyamba m'msewu wafumbi wokumbika wopita kumudzi, kapena kudzikoka m'matope a dzinja, ntchito yomwe ndi yowawa kwambiri kwa makilatchi ndi yopepuka kwa torque converter. Makilatchi atsopano a DSG akaikidwa amafuna kuyezedwa ndi zida zake ndi kuphunzitsidwa pakompyuta, ndipo amakaniko a zida zotere ndi osavuta kuwapeza ku Gauteng kusiyana ndi kumaboma a kwathu. Kwa munthu amene akufuna galimoto yamphamvu, yolemera, ya injini kutsogolo, yoti azipita nayo kuntchito m'mizere ya mzinda uno ndi kudzapita nayo kumudzi, ine ndingasankhe torque converter yamakono mosazengereza. Kwa amene mtima wake uli pa GTI, Golf R kapena RS3, ndipo akudziwa kuti moyo wa galimotoyo udzathera pa phula, makilatchi awiri onyowa adzamusangalatsa, bola asunge ndalama ya oyilo ndi kusiya chizolowezi chokwawa.

Amene akukayesa galimoto yotere asanagule asakhutire ndi kuithamangitsa pamsewu waukulu, chifukwa pamenepo ngakhale yodwala imasintha magiya bwino. Aiyendetse mphindi 20 kapena 30 kuti oyilo atenthe, kenaka apeze kachitunda, aime, anyamuke pang'onopang'ono kangapo, ndipo abwerere chammbuyo mokwera chitundacho. Kunjenjemera ponyamuka, kugunda pakati pa giya 1 ndi 2, kapena kuchedwa kulowa kwa giya yobwerera m'mbuyo ndi zizindikiro zoti makilatchi kapena mechatronic zatopa. Apemphenso kuti makaniko wake alumikize kompyuta ndi kuwerenga zolakwika zosungidwa pamodzi ndi miyezo ya makilatchi, ndipo aone risiti yosonyeza tsiku ndi makilomita pamene oyilo wa giyabokosi anasinthidwa komaliza.